Tsabola Asowa Womutukwana

Tsabola anabadwa akukangana. Anamwino amene anamulandira amalumbira mpaka lero kuti khandalo silinalire monga amalirira ana a anthu. Linatuluka, linayang'ana denga la chipatala, n'kuyamba kudandaula za utoto. Dzinalo anamupatsa ndi malume ake, atamupeza akumenya bere la amayi ake ndi kachibakera chifukwa mkaka unachedwa. Akanakula ndi miyendo yake yonse, bwenzi pano atachotsedwa m'mipingo yonse ya m'tauni, apolisi akumupatsa moni ali chapatali. Koma asanayambe sukulu anadwala poliyo, miyendo inafota, ndipo kuyambira pamenepo anthu anachita ngati apangana kumsonkhano kuti asadzakangane nayenso.

Wina anganene kuti umenewo ndi mwayi. Ameneyo sanayesepo kumenya mphepo ndi chibakera.

Kunyumba, Tsabola akagogoda mng'ono wake pamutu ndi chipande, wokalipiridwa anali wogogodedwayo. "Ukulira chiyani? Musiye mkulu wako, sukuona mmene alili?" Mawu amenewa amayi ake ankawanena m'mawa, masana, ngakhale ali m'tulo. Kusukulu anauza aphunzitsi a masamu kuti mutu wawo ukuoneka ngati dzungu loiwalika m'munda. Anzake ankakwapulidwa chifukwa chongotsokomola, koma iye aphunzitsiwo anamusisita paphewa n'kunena kuti, "Mulungu amakukonda, mwanawe." Anaswa galasi la zenera la ofesi ndi mwala, mwadala, aphunzitsi aakulu akuona. Aphunzitsi aakuluwo anamuthokoza kuti muofesimo tsopano mukulowa kamphepo.

Mkwiyo wosowa pofikira suuluka ayi. Umakhala m'mimba n'kumaswana. Pofika pa utsikana, Tsabola anali ndi mkwiyo wokwanira kuwiritsa madzi osamba a mzinda wonse, otsala n'kuchapira.

Malume ake aja, poona kuti mwanayu tsiku lina adzaphulika n'kugwetsa nyumba, anamupezera makina osokera opukusa ndi dzanja, akalekale, olemera ngati tchimo. Tsabola anapeza malo pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi malata. M'mawa uliwonse ankafika pachikuku chake, mpando wamatayala, tepi ili m'khosi, choko kukhutu, sizasi pamiyendo. Dzanja lamanja linkapukusa, lamanzere likuyendetsa nsalu, ndipo mkono wakumanjawo unakula mpaka amuna onyamula matumba a simenti akamadutsa ankabisa mikono yawo m'malaya.

Kusoka ankakudziwa. Kapena sankakudziwa, nanga akanadziwa bwanji? Telala wa kutsidya kwa msewu ankatukwanidwa tsiku ndi tsiku: kolala yapotoka, zipi ikuluma, mpendero wamasuka. Ankamuponyera malaya kumaso, iye n'kubweza mawu, kenaka n'kukonza, ndipo chaka chilichonse ankasoka bwino kuposa chaka chinacho. Tsabola ankamuonera ali ndi nsanje ya mwana wotsekeredwa m'nyumba anzake akusewera pamvula. Kwa iye anthu ankalandira chovala, osachitambasula n'komwe, n'kuyamba kuyamikira.

"Ii, zokongola! Mwasoka nokha? Ndi manja anu omwewa?"

"Ayi, ndasoka ndi makutu."

Iwo n'kuseka, n'kumauzana m'njira kuti koma mayi uja ndi wansangala, ngakhale ali chonchija.

Ngakhale akuba sankamuwerengera. Tsiku lina anasesa pakhondepo, anatenga sikelo ya wogulitsa misomali, pampu ya wokonza njinga, ngakhale benchi. Makina a Tsabola anawanyamulanso, koma atamva kuti ndi a mayi wolumala uja anawabweza mawa lake, atawathira mafuta. Anthu anati taonani, ngakhale wakuba ali ndi umunthu. Tsabola sanadye tsiku limenelo. Kunabweranso bambo wina womufunsira, atavala jekete m'chilimwe, amene anafotokoza kuti akufuna kumukwatira kuti apeze madalitso. Tsabola anamuuza kuti iye si tchalitchi, ndipo anamuthamangitsa ndi simbi yamoto. Bamboyo anathawa akupepesa, namupempherera ali pakona.

Koma chimene chinamulasa mpaka kufupa ndi ukwati wa mng'ono wake. Diresi la mkwatibwi anasoka yekha. Anakana ntchito za anthu ena, anasoka mpaka zala zinachita matuza, timaluwa ta pachifuwa akutilumikiza kamodzikamodzi ndi singano yamanja. Mng'ono wake analiyesa, anazungulira pagalasi, nati, "Achemwali, lili bwino zedi." Amayi awo anapukuta misozi. Tsiku la ukwati Tsabola anamukhazika kutsogolo m'tchalitchi, pafupi ndi maluwa, pamene amaika zinthu zoti anthu azione. Chitseko chitatseguka, mkwatibwi analowa atavala diresi lina. Lobwereka. Lonyezimira ngati pepala la switi.

Lake analipeza pambuyo pake m'sutikesi, kunsi kwa bedi la amayi ake, litapindidwa mwaulemu ngati mtembo wa munthu wamkulu.

"Linalakwika pati, amayi?"

"Silinalakwike, mwanawe. Kungoti apongozi ake anabweretsa lina, ndiye tikanatani?"

Zoona zake anazimva kwa mayi woyandikana nawo nyumba: linkathina kukhwapa. Kukhwapa basi! Ntchito yoti akanaimasula n'kuisokanso tiyi asanazizire. Banja lonse linakhala pansi, linakambirana, n'kugwirizana kuti kuli bwino kumuchititsa manyazi m'tchalitchi chodzaza kusiyana n'kumuuza kuti pano pakuthina. Ankaopa kumukhumudwitsa. Iwo chimenecho amachitcha chikondi.

Ndiye Tsabola anaganiza zoliyesa dziko komaliza. Alonda a pasitolo paja, bambo waulemu amene ankapepesa ngakhale kwa mpando akaugunda, anabweretsa nsalu yabuluu kuti awasokere buluku. Tsabola anawayeza bwinobwino. Kenaka anasoka mwendo wina wolekeza kunsi kwa bondo, wina wautali wosesa msewu. Zipi anaika kumbuyo. Thumba analisokera pabondo, loyang'ana pansi, kuti chilichonse choikamo chizigwera pachala. Anawapatsa, n'kuwayang'anitsitsa ngati namwali wodikira chibwenzi.

Alonda analitambasula. Analiyang'ana kutsogolo, analiyang'ana kumbuyo, kenaka anasowa kuti kutsogolo ndi kuti. Mtsempha wa pachipumi unatupa. Tsabola anakoka mpweya, mawu oyankhira atawanola kale.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero alonda. "Manja anu ndi odalitsika."

Mawa lake analivala n'kudutsa nalo pakhondepo, akuyenda chammbali ngati nkhanu, kuti mayi wovutikayo aone kuti ntchito yake yayamikiridwa. Tsabola anaphimba makina dzuwa lili pamutu. Sanalire. Anapita kunyumba n'kukatukwana khoma, ndipo khomalo, monga wina aliyense, linamumvetsa.

Patapita zaka, kuholo ya m'deralo kunabwera bungwe lina lophatikiza anthu olumala ndi osalumala m'zisudzo, m'magule ndi m'mpira. Zina zinayenda, tisawanamizire. Amuna oyendera ndodo anayamba kumenya mpira Loweruka lililonse mpaka fumbi kobo, ndipo m'holomo anamanga njira yotsetsereka yokwerera pansanja, yosalala, yabwino ndithu. Wotsogolera zisudzo anali bambo wina wosavula chipewa, moti anthu ankangomutcha a Chipewa. Mtima anali nawo wabwino, wofewa ngati papaya lakupsa kwambiri: ukangoligwira, chala chimalowa.

Tsabola anapitako chifukwa anamva kuti m'zisudzo anthu amatukwanana poyera ndipo palibe amene amapepesa.

Sewero lake linali la bambo amene wamwalira, mlongo wake n'kubwera kudzalanda katundu yense wa mkazi wamasiye. A Chipewa anayamba kugawa mbali. Bambo wina wosaona, woimba gitala pamsika, anamupatsa kukhala mtembo. Mtsikana wosamva anamupatsa kukhala mtengo wa pabwalo.

"Inu mayi," anatero a Chipewa akumwetulira, "mukhala wopemphetsa wa pageti. Mungotambasula dzanja basi, anthu amva chisoni."

"Dzanja ili?" Tsabola anakweza mkono wopukusa makina uja. "Ndikalitambasula, bambo, lifika pachipewa chanucho. Ine sindinapemphepo ngakhale mchere. Ndipatseni mlamu wolandayo."

"Komatu ameneyo ndi munthu woipa."

"N'chifukwa chake ndikumufuna."

"Anthu adzati tikunyoza anzathu aulumali..."

"Mpatseni, bwana," anatero wagitala, atagona kale pamphasa kuyeserera kufa. "Ine mwandipha osandifunsa, sindinadandaule. Koma mukapanda kumupatsa mayiyu, mitembo ikhala iwiri."

Anamupatsa.

Mbali ya mkazi wamasiye inapita kwa mayi wa saluni, woluka tsitsi, wodziwika ndi wigi lake lofika m'chiuno limene ankalisamala kuposa mwana wobala yekha. Pakamwa pake pankadziwikanso. Anatukwanapo kondakitala wa basi mpaka munthuyo anasiya ntchito n'kukayamba ubusa. Kumapeto kwa sewero wamasiyeyo ankayenera kukwiya, kulanda mphika wake, kutukwana mlamu wake n'kumuthamangitsa. Tsabola anati mumtima, apa ndiye ndapeza mnzanga. Koma pokonzekera, akangofika pamenepo, wasaluni ankayang'ana matayala, mawu n'kusungunuka ngati shuga.

"Alamu... mwina kamphikako... mukanangondisiyirako, ngati sizikuvutani."

"Nditukwane, iwe!"

"Sindingathe, asisi. Ndingachimwe."

"Kondakitala uja sunachimwe?"

"Ujatu anali wabwinobwino."

Palibe mawu otukwana amene akanamupweteka Tsabola ngati amenewa. A Chipewa anapeza nzeru: asinthe mathero, mlamu alape, onse agwirane manja aimbe nyimbo ya chikondi. Tsabola anawauza kumene angakaike nyimbo yawoyo, kumalo kumene dzuwa siliwala, ndipo a Chipewa anagwedeza mutu mwachifundo. "Tikukumvetsani, mayi. Mwaona zambiri."

Sewero linachitika Loweruka masana. Holo inadzaza mpaka ena anakhala m'mazenera. Amayi ake a Tsabola ndi mng'ono wake anali kutsogolo, alonda kumbuyo kwawo. A Chipewa anayamba ndi mawu otsegulira.

"Lero muona zodabwitsa. Muona kuti nawonso ndi anthu. Makamaka mlongo wathu wolimba mtima, amene ngakhale ali mmene alilimo, amadzuka m'mawa uliwonse n'kusamba ngati ife. Akalowa, tiyeni timulimbikitse."

Kuseri kwa katani, Tsabola analuma mpango wake mpaka unabooka.

Analowa nkhope ili gwa, maso ali psuu, ngati mvula ya matalala. Anthu anaomba m'manja. Anatsokomola, anaombanso. Anakuwa kuti, "Zonse za m'nyumba muno ndi za mchimwene wanga!" Mayi wina anauza mnzake mokweza, "Ii, taonani, waloweza mawu onsewo yekha!" Analanda mphika n'kuuika pamiyendo: m'manja. Analanda ndowa: m'manja. Atagwira matiresi a wamasiye n'kuyamba kuwakoka ndi dzanja limodzi, matiresiwo anakola kutayala. Apa alonda mtima sunawapirire. Anadzuka, anakwera pansanja, anapinda matiresiwo, n'kuwamangirira kumbuyo kwa chikuku ndi lamba wawo. Bambo wina anathamangira kudzathandiza ndi tebulo. Mayi wina anatola mbale zimene zinagwa, nazipukuta, n'kumuikira bwinobwino mundowa. Posakhalitsa theka la holo linali likuthandiza wakuba kusamutsa katundu wa mkazi wamasiye, mtembo uli pomwepo, ndipo aliyense anabwerera pampando wake akumva kuti wagwira ntchito ya Mulungu.

Mtembo unamveka ukubuula. "Ambuye, nditengeni zenizeni."

Tsabola anaimitsa chikuku pakati pa nsanja. Anayang'ana nkhope zonsezo zikumwetulira, kumwetulira komwe kuja kwa aphunzitsi a masamu, kwa mng'ono wake pagalasi, kwa alonda atanyamula buluku. Anadziwa kuti sewero likatha chonchi, adzakalamba n'kufa popanda munthu ndi mmodzi yemwe womuuza zoona, ndipo pamaliro pake adzamuombera m'manja kuti wafa yekha. Mkwiyo wake, umene nthawi zonse unkawira, unazizira ngati chitsulo. Anasiya kukuwa. Anasendera pafupi ndi wamasiye, amene anagwada pambali pa mtembo, n'kuyamba kulankhula motsitsa, mawu amene a Chipewa sanawaphunzitse.

"Ukulira chiyani? Unabwera ndi chiyani m'nyumba muno? Ine ndikukumbuka. Kajumbo kapulasitiki, muli tinsanza ndi chipeso. Kajumbo kako kali apo, katenge."

Phokoso m'holo linayamba kutsika.

"Mchimwene wanga anali wonenepa asanakukwatire. Unkamudyetsa chiyani? Tonse tikumudziwa amene wamupha. Ana ndiwatenga. Kakang'onoko kokha utsale nako, sikafanana ndi aliyense kwathu."

M'holomo munali amayi amene mawu amenewa anawamvapo ndi makutu awo, atakhala pansi pambali pa bokosi la maliro. Mayi wogulitsa makala, amene mwamuna wake anali atangomwalira kumene, anatsitsa manja amene ankaombera aja n'kuwaika m'chiuno.

Wasaluni anatsegula pakamwa, koma maso ake anagweranso pamatayala. "Pepani, alamu..."

Apo Tsabola anatambasula dzanja lija a Chipewa ankafuna lizipemphetsa. Linafika pamutu pa wasaluni.

"Ili nalonso anagula ndi mchimwene wanga."

Zwee! Wigi linachoka. Pansi pake panali chimene woluka tsitsi aliyense amabisa, mutu wake weniweni: mbali ina timizere tolukidwa kalekale, kwinako tsitsi lili nyankhalala ngati chisa chimene ngakhale mbalame inachithawa.

Wasaluni anagwira pamutu. Anayang'ana anthu, ambiri mwa iwo makasitomala ake. Atatembenukiranso kwa Tsabola, matayala sanawaonenso.

"Galu iwe! Mfiti yopanda manyazi! Nkhope ngati chidendene cha mlimi! Bweretsa tsitsi langa!"

"Dzalitenge, mutu ngati munda wa munthu waulesi!"

"Ndikuonetsa lero! Umayesa anthu amakuopa? Amangokumvera chisoni!"

"Ndiye iwe usandimvere!"

Sanamumvere. Anagwirana. Mphika unagwa, mtengo wa pabwalo unathawa, mtembo unadzuka n'kufunsa kuti khomo lili mbali iti. Wasaluni anakankha chikuku ndi mphamvu zake zonse, ndipo Tsabola anatsika panjira yosalala ija ngati lole yoduka mabuleki, matiresi kumbuyo, mbale zikulira, wigi lili m'manja ngati mbendera, mpaka anakaima pakati pa anthu.

A Chipewa anavula chipewa, koyamba chibadwire, ndipo zinadziwika kuti mutu ali nawo.

Tsabola anakweza wigi m'mwamba. "Ndipo nyumbayo mawa ndiigulitsa!"

Nsapato inauluka kuchokera kumbuyo n'kumumenya paphewa. Inali ya mayi wamakala. "Mfiti! Alamu anga anandichita zomwezo! Bweza katundu wa mwana wa eni!" Amayi ena anaimirira. "Wakuba!" "Alibe mtima!" "Mutulutseni!" Bambo amene anathandiza ndi tebulo uja anayamba kufotokozera oyandikana naye kuti si iye, ndi wina wofanana naye.

Amayi ake a Tsabola anadzuka, manja m'mwamba. "Musiyeni mwana wanga! Simukuona mmene alili?"

"Tikuona bwino mmene alili, mayi," anayankha wamakala, nsapato inayo ili kale m'manja. "Ndi njoka!"

Amene anali pafupi amati Tsabola anatseka maso ngati munthu amene wamwa madzi ozizira atayenda ulendo wa m'chilimwe. Kenaka anawatsegula, n'kuyankha wamakala, n'kuyankha wasaluni, n'kuyankha holo yonse mzere ndi mzere, ndi mawu amene anawasunga kuyambira ali kusukulu. Ena anali atachita dzimbiri koma ankachekabe. Nyimbo ya chikondi ija sinaimbidwe. Potuluka, wagitala anauza a Chipewa kuti sewero lina akufuna kukhala mwamuna wachimasomaso, ndipo mtsikana wosamva uja anawafotokozera ndi manja zimene angachite ndi mtengo wawo. Sanafunike womasulira.

Lolemba m'mawa Tsabola anafika pakhonde phewa litatupa. Asanavundukule n'komwe makina, alonda anatulukira ndi kajumbo m'manja. Moni sanapereke. Anatulutsa buluku labuluu lija n'kuliponya pamakina.

"Ichi n'chiyani, inu atelala?"

"Buluku lanu, bambo. Manja anga ndi odalitsika, mwaiwala?"

"Odalitsika pati! Zipi kumbuyo? Mumafuna ndizichita kuitana mkazi wanga ndikafuna kudzithandiza? Makiyi a sitolo anandigwera m'ngalande chifukwa cha thumba lanu lopusali! Ine ndinkati mayi wovutika, manja anatopa, ndisamukhumudwitse. Kani munachitira dala! Ndinakuonani Loweruka. Ndinu woipa ngati wina aliyense. Ndipo lamba wanga munapita naye!"

"Lambayo munamangira nokha katundu wakuba, holo yonse ndi mboni. Ndipo miyendo yanu ndiyo yosiyana, bambo, musanamizire makina anga."

"Inu? Inu mukunena za miyendo ya anthu?"

Wokonza njinga anasiya kupopa. Alonda anagwira pakamwa, kupepesa kutafika kale pakhosi.

"Mukangopepesa ndikuswani ndi simbi," anatero Tsabola. "Yanga ili ndi matayala. Tiyeni tithamangitsane mpaka pakona, muli m'buluku lanulo."

Anakangana mpaka ogula misomali anaiwala misomali. Telala wa kutsidya anawoloka msewu kudzaonera, nsanje itamugwira iye tsopano. Pomaliza Tsabola anatenga lezala n'kuyamba kumasula zipi ija, akutukwanabe, alonda akumuuza kuti mpendero aupinde bwino chifukwa sakufuna zachibwana.

Mng'ono wake wa Tsabola anali ataima pakona nthawi yonseyi, sutikesi yakale ili m'manja. Anadikira alonda achoke. Anatsegula, natulutsa diresi la ukwati lija, litachita chikasu m'mopindidwa, n'kuliika pamwamba pa buluku.

"Achemwali," anatero. "Linkathina kukhwapa."

Tsabola sanamwetulire. "Ndikudziwa. Ndinamva kwa anthu apadera. Iwe pakamwa unapabwereketsa kuti?"

"Ndinkaopa."

"Unkaopa chiyani? Kuti miyendo ifota kachiwiri? Munandikhazika kutsogolo ngati mphika wa maluwa, tchalitchi chonse chikudziwa, ine ndekha ndili ngati chitsiru. Ndinasoka diresi limeneli mpaka zala kuchita matuza. Ukanandiponyera kumaso, ndikanakutukwana, ndikanalikonza, ukanalivala. Basi! Zimenezo ndi zimene amachita anthu apachibale."

Mng'ono wake anapukuta mphuno. Anayang'ana diresi, anayang'ana mkulu wake, kenaka anakoka mpweya ngati munthu wofuna kudumphira mumtsinje wodzaza.

"Ndipo timaluwa ta pachifuwati n'toipa. Tikuoneka ngati katani ya kuchipatala. Komanso chipande chija munkandigogoda nacho chinkapweteka, ndipo nthawi zonse wolakwa munali inu."

"Kukhwapa ndavomera," anatero Tsabola. "Za chipande tikambirana. Koma timaluwa tanga usatitchule, galu iwe." Anavula tepi m'khosi. "Sendera kuno. Kweza mkono."